Buluku la Sukulu Lomasulidwa Katatu

Khonde limene ndimagwirirapo ntchito ndi la sitolo ya penti, ndipo lili ndi mizati itatu. Woyamba ndi wanga, ndimasokerapo nsapato. Wachiwiri ndi wa a Msoko, telala. Wachitatu unalibe mwini, koma mayi wina wogulitsa mayunitsi anaukwatira kalekale, ndiye timangoti ndi wake. Takhala chonchi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ine ndimaona mapazi a anthu, a Msoko amaona kuyambira m'chiuno kutsika, mayi wa mayunitsi amaona zonse n'kumvanso zimene sizinanenedwe.

Sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu, ine ndi aphunzitsi titagwirizana kuti tikungotayitsana nthawi. Ndiye za chipatala zimene zili m'nkhani ino muzilandire monga zochokera kwa wosoka nsapato.

Dzina la a Msoko ndinawapatsa ndine. Munthuyu sayankha funso pamene lafunsidwa. Wina akabwera kudzadandaula kuti mkazi wamuthawa, iwo amamuyang'ana paphewa n'kunena kuti, "Msoko uwu wayamba kumasuka, vulani ndikubwezereni." Munthu amachoka mkazi sanabwerere, koma malaya ali bwino.

Ndi woyamba kubadwa pa ana asanu. Utelala anauyamba ali ndi zaka khumi ndi zinayi, kwa mkulu wina amene anali ndi kashopu kuseri kwa depoti ya basi. Mkuluyo sankalola wophunzira kukhudza makina asanathe zaka ziwiri akusita. Ndiye mnyamata ankaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, simbi ya makala ili pafupi ndi mimba, akuwongola mabuluku a eni. Kumeneko anatengako zinthu ziwiri zimene ali nazo mpaka lero. China ndi kusalankhula. China ndi lamulo lakuti nsalu ya m'kati sidulidwa. Akamachepetsa chovala, nsalu yotsala amaipinda n'kuisiya momwemo. Amati munthu sadziwa ngati chaka chamawa adzanenepa kapena adzaphwa.

Akazi awo, alamu anga, amakolopa ku banki. Masana aliwonse amadutsa pakhonde kudzasiya kontena ya chakudya, n'kubwerera msanga. Akhala pabanja zaka makumi awiri ndi ziwiri, opanda mwana. Anthu a mumsewu muno nkhaniyi anaigamula kale popanda kufunsa, ndipo mlandu anaupereka kwa alamu. Amayi ena akawaona ankatsitsa mawu, ena ankawauza za mankhwala amene anathandiza msuweni wa msuweni wawo. Inenso ndinali ndi nthabwala yanga. Akamasoka timadiresi ta ana ndinkati, "A Msoko, makina anuwa anawapangira ana a eni okhaokha?" Iwo ankaseka pang'ono, ulusi uli pakamwa, n'kupitiriza kupalasa.

Ali ndi mng'ono wawo, dalaivala, amene tonse timamutcha Wa Lole. Uyu ndiye anatenga mawu onse a m'banjamo. Akamapereka moni kutsidya kwa msewu, ogula penti m'sitolo amayankha. Ali ndi ana asanu, ndipo amawatchula ngati mmene ena amatchulira masatifiketi. Wachiwiri ndi mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wamtali, wowonda, wamanyazi. Timamutcha Mlongoti.

Sukulu zitangotsegulira, Mlongoti anabwera ndi buluku lake la yunifolomu m'jumbo.

"Bambo aakulu, buluku ili likundithina."

"Ndakusokera mwezi watha. Likuthina pati?"

"Apa," anatero mnyamata, akuloza penapake pakati pa bondo ndi thambo. "Kumanzereku."

A Msoko anamuyeza m'chiuno. Tepi inanena kuti buluku ndi lalikulu kale, lamba ndiye akuligwira. Anayang'ana tepi, anayang'ana mnyamata, n'kunena kuti, "Ubwere mawa." Analimasula pantchafu.

Patatha miyezi iwiri linabweranso. Ulendo uno anaikamo kansalu kapakati, kaja amaikira anthu onenepa. Mlongoti atavala ndinamuuza kuti, "Mwana wa Wa Lole, ukabweranso kachitatu tidzangolimasula lonse likhale siketi." Anaseka mwaulemu n'kunyamuka. Ndinamuyang'ana akuwoloka msewu. Ine kayendedwe ka munthu ndimakadziwa, chifukwa chidendene cha nsapato sichinama. Ankaponda mopepuka kumanzere, miyendo motalikirana, ngati wangotsika panjinga yobwereka.

Kachitatu linabweradi, mvula ikuwaza. A Msoko analitambasula pamakina, analiyang'ana nthawi yaitali, ndipo anafunsa osadzutsa mutu.

"Ukaima nthawi yaitali pamzere kusukulu, zimalemera?"

A Msoko anawonjezera funso lina.

"Ukagona chagada zimasiya?"

"Mwadziwa bwanji, bambo aakulu?"

"Ndine telala. Ubwere Lachisanu."

Tsiku limenelo anathyola singano ziwiri, ndipo kontena ya alamu sanaitsegule. Mvula itakula, mayi wa mayunitsi anathawira m'sitolo ndi tebulo lake, pakhonde n'kutsala awiri. A Msoko anakoka dilowa ya makina, anachotsa mabobini, choko ndi mabatani akale, pansi pake n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi, lofiirira m'mphepete.

"Amwene, werengani."

"Mukundinyoza? Chizungu cha madokotala, ine wa kalasi yachisanu?"

Ndiye anandiuza pakamwa, ndipo kanali koyamba kuwamva akulankhula mphindi zoposa ziwiri osatchula nsalu. Anati ali pa simbi paja, chaka chachiwiri, anayamba kumva kulemera kumusi, mbali ya kumanzere, makamaka madzulo ataima tsiku lonse. Akagona zinkatha. Analibe mawu ouzira munthu wamkulu zotere, ndiye anauza abwana awo kuti buluku likuwathina. Abwana, pokhala telala, anamasula buluku. Anamasulanso. Nkhani inathera pomwepo, thupi linazolowera, mnyamata anakula n'kukwatira.

Atatha zaka zisanu ndi zitatu pabanja, alamu atayezedwa paliponse osapezeka ndi vuto, a Msoko anapita okha kuchipatala chachikulu, ati kukagula zipi. Dokotala anapeza kuti mitsempha ya magazi ya m'thumba la mavalo inatupa kumanzere kuyambira unyamata. Magazi amadikha m'menemo m'malo mobwerera, malowo n'kumatentha kuposa mmene ayenera. Anawayezanso umuna. Mbewu zinalimo koma zochepa, zaulesi, zambiri zopindika.

"Ndinamufunsa kuti kodi ndinabadwa choncho," anatero a Msoko. "Iye anandifunsa ntchito yanga. Nditamuuza, anati ndiye mumva msanga. Akuti m'kati mwa mbewu iliyonse muli malangizo a chibadwa, ngati pateni ya suti, chidutswa chilichonse chili pamalo pake. Dzina lake anatchula, silinakhale m'mutu. Akuti pateni yanga mwina ndi yathunthu, palibe chinasowa. Koma thupi popanga mbewu silitsegula pateni yonse, limatsegula zidutswa zofunika pa nthawi yake, zina n'kuzisiya zopinda. Ndiye malo akamatentha zaka ndi zaka, limatsegula zolakwika, zoyenera n'kuzisiya zopinda. Pateni ili bwino, wodula ndiye wasokonezeka ndi kutentha."

"Ndiye suti imatuluka ya mkono umodzi," ndinatero.

"Inu mumaseka chilichonse."

"Nanga ndilire? Pitirizani."

Anati anawapanga opaleshoni, koma zinthu sizinasinthe kwenikweni. Dokotala anawauza kuti amuna ambiri a mitsempha yotere amabereka bwinobwino popanda kuwakhudza, koma ena ayi, ndipo iwo anali mwa enawo. Anawonjezera kuti akanabwera ali mnyamata, mbali ya kumanzere isanafote, mwina zikanakhala zina. Sanalonjeze. Anangoti mwina. Mawu amenewo a Msoko anawasunga m'dilowa zaka khumi ndi zinayi, pansi pa mabatani.

"Alamu akudziwa?"

"Ndinawauza tsiku lomwelo. Anati zikhale zathu. Anati anthu anazolowera kale kunena iwo, palibe chifukwa chowapatsa wachiwiri."

Ndinakumbukira nthabwala yanga ya timadiresi, ndipo ndinapeza kuti nsapato imene inali m'manja mwanga ikufuna guluu wambiri.

"Ndiye muuzeni bambo wake," ndinatero pambuyo pake. "Mwanayu apite kuchipatala."

"Kuuza ameneyo ndi kulengeza pawailesi. Afunsa kuti ndadziwa bwanji."

"Muuzeni mwanayo."

"Ndiyambira pati? Ndine bambo wake wamkulu."

"Ndiye mudikira akwanitse zaka makumi anayi, adzabwere ndi pepala lake mudzaike pamodzi m'dilowa?"

A Msoko anatenga buluku n'kulimasula kachitatu, mpaka nsalu ya m'kati inatsala yongokwanira singano. Kenako anatembenuza pepala lija, n'kulemba kumbuyo kwake ndi bolopeni, mawu aakuluakulu: ili ndi langa, vuto lako likufanana nalo, pita nalo kuchipatala ukawaonetse, usachedwe. Analipinda n'kuliika m'thumba lakumbuyo la buluku.

Apa ndi pamene utelala unawapweteka. Anaona kuti pepala lofunika chotere lingagwe m'basi, ndiye anatseka thumbalo ndi timisoko titatu, monga amachitira ndi matumba a suti yatsopano. Kwa iwo, munthu aliyense wanzeru akapeza thumba lotsekedwa amalimasula n'kuona. Anaiwala kuti mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi akapeza thumba lotsekedwa amangogwiritsa ntchito linalo.

Lachisanu Mlongoti anatenga buluku lake. Sabata yonse yotsatira a Msoko ankadzutsa mutu aliyense wamtali akadutsa. Sikunabwere yankho.

Loweruka m'mawa, msewu utadzaza, lole inaima kutsogolo kwa sitolo, tayala limodzi pamwamba pa ngalande. Wa Lole anatsika buluku lonyowa lili m'dzanja limodzi, dzanja linalo atafumbata.

"Achimwene! Ichi n'chiyani?"

Anafumbatula pamakina. Kanali kampira ka pepala lonyowa, kotuwa, ka mawanga a inki. Mayi a Mlongoti anachapa buluku, anamva kanthu kolimba m'thumba, anapeza thumba losokedwa, anamasula ndi lezala. Chilembo ngakhale chimodzi sichinkawerengeka.

"Mkazi wanga sanadye chidzulo. Akuti munthu wopanda mwana akasokera kanthu m'chovala cha mwana wa mnzake, n'kutseka ndi ulusi, ndiye kuti chiyani? Ine ndamukalipira, ndati achimwene anga sangatero. Koma ndi ulusi wanu uwu! Misoko yanu ndimaidziwa! Mwana akuyenda ngati nkhanu chiyambireni kumusokera. Mwamuika chiyani?"

Anthu anayamba kuima. Mnyamata wa m'sitolo anatuluka ndi chitini cha penti chimene palibe anachiitanitsa. Mayi wa mayunitsi anayang'ana pafoni yake mwachidwi choopsa, foni ili yozima.

Ndinaona a Msoko akuyang'ana buluku, ndipo ndinadziwa kuti akufuna msoko woti anenepo. Analitembenuza. Misoko yonse inali yawo, yowongoka, yopanda chonena. Anali ndi njira ziwiri basi, kukhala mfiti kapena kukhala chimene ali. Ndikanakhala ine ndikanaganizira kaye za ufiti, chifukwa anthu amakupatsako ulemu.

Anavula tepi m'khosi n'kuiika pamakina.

"Linali pepala langa la kuchipatala."

"La chiyani? Mukudwala?"

"Tsitsa mawu."

"Mawu anga ndi omwewa, munawapeza chomwechi! La chiyani?"

"Lonena kuti wosabereka m'nyumba mwanga ndine."

Wa Lole anatsegula pakamwa, kenako anatseka, chinthu chimene sindinachionepo.

"Ndili msinkhu wa mwana wakoyu mitsempha inatupa kumusi," anapitiriza a Msoko, mawu ali pansi ngati akutchula miyezo. "Ndinkati buluku likuthina. Anandimasulira kawiri. Wakoyu ndamumasulira katatu, ndipo buluku silinamuthinepo n'kamodzi komwe. M'chiuno mwake ndi momwe muja. Ndinalemba kumbuyo kwa pepalalo kuti apite kuchipatala."

"Ndiye alamu aja, zaka zonsezi..."

"Alamu ako alibe vuto."

Wa Lole anakhala pabenchi yanga, pamwamba pa nsapato za kasitomala. Kenako ukali unabwerera, pokhala sadziwa kukhala opanda.

"Koma mwana wanga ine? Ine wa ana asanu? Magazi anga alibe zimenezo!"

"Ine ndi iwe bambo ndi mmodzi, mayi ndi mmodzi. Iwe asanu, ine ndi makinawa. Wamufunsapo mwanayo?"

"Ndimufunse chiyani? Zinthu zotere amafunsa?"

"Ndi zimene abwana anga ankanenanso."

"Nanga osangondiuza bwanji? Mpaka kusokera m'thumba ngati wakuba!"

Apa ndinalowererapo, chifukwa ndinaona kuti akhoza kuyambiranso. "Wa Lole, akanakuuza iwe, pofika masana akanadziwa ndi a kumalire a dziko. Taona, sanakuuze n'komwe koma msewu wonse wamva. Tadzuka, wakhalira nsapato za abusa."

Anadzuka, anatenga buluku, anasiya kampira kaja pamakina. Lole inanyamuka popanda hutala.

Lolemba makina a a Msoko anakhala ovundikira tsiku lonse, koyamba pa zaka khumi ndi zinayi. Makasitomala ankandifunsa ngati kwagwa maliro. Ndinkawauza kuti apita kukagula zipi. Anapita atatu, bambo wamkulu, bambo wamng'ono, ndi Mlongoti pakati ngati wogwidwa. Akuti pakhomo la dokotala Wa Lole anayamba kufotokoza yekha, anthu a pamzere wonse akumva, mpaka namwino anamutulutsa kuti akadikire pabenchi. Amene analowa ndi mnyamata ndi a Msoko.

Anamuunika ndi makina aja oonera m'thupi. Mitsempha inalidi yotupa, ndipo mbali ya kumanzere inali itayamba kutsalira kukula. Dokotala anati pa anyamata ambiri amangoyang'anira chaka ndi chaka osachita kanthu, koma uyu ndi bwino kumanga mitsemphayo. Anamupanga opaleshoni yaing'ono pa holide, anagona tsiku limodzi. Za ana, dokotala anati sangalonjeze, adzaziona yekha akadzakula. A Msoko atabwera ndinawafunsa kuti ndiye zatheka kapena ayi. Anati, "Akuti mwina." Ndinati mawu omwe aja. Anati eya, koma ulendo uno anenedwa kwa munthu wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Mumsewu nkhani inayenda monga mmene nkhani zimayendera. Pofika Lamlungu inali itafika kutchalitchi, itanenepa panjira. Ena ankabwera ndi malaya osang'ambika kuti adzangowaona nkhope. Wokonza njinga wa pakona anawapatsa dzina latsopano, limene sindilemba pano, koma silinakhalitse chifukwa la Msoko linali litamera kale. Amayi awiri anabwera mosiyana, aliyense ndi buluku la mwana wake, n'kufunsa motsitsa mawu ngati a Msoko angaone kuti mwana ali bwino. Anawauza kuti iwo ndi telala, chipatala chili kumtunda.

Alamu ndiwo sanasangalale. Lolemba lotsatira anabwera ndi kontena monga mwa masiku onse, anaiika pamakina mwamphamvu mpaka mabobini anadumpha.

"Zaka khumi ndi zinayi ndakusungirani, bambo. Ndanyozedwa pampopi, ndanyozedwa pamaliro, ndamwa ndi zowawa zomwe za anthu achifundo. Inu n'kukazitaya pakhonde la penti, Loweruka, anthu ali pikitipikiti."

"Zinangochitika, mayi."

"Tsopano aja ankandinena akundipatsa moni wa manja awiri. Ndiwatani? Ndinali nditazolowera kudana nawo." Anatembenukira kwa ine. "Inunso alamu, nthabwala yanu ya timadiresi ija yatha. Mupeze ina."

"Ndikufufuza, alamu."

"Mufufuze msanga, mwayamba kusowetsa mtendere ndi ulemu wanuwo. Bambo, idyani zisanazizire."

Sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira, Mlongoti anabweranso ndi jumbo. Ankaponda mofanana mbali zonse, ndinayang'ana zidendene.

"Bambo aakulu, buluku ili landikulira. Anzanga akuti ndavala la bambo."

A Msoko analitembenuza kunja kukhala m'kati. Anachotsa kansalu kapakati kaja n'kukaponya m'dilowa, pamene pankakhala pepala. Pansalu pankaoneka mizere ya timabowo ta singano, umodzi pambali pa unzake, uliwonse wa ulendo wake. Nsalu yonse inalipo, pokhala sadula. Anapeza mzere woyamba, wa tsiku limene analisoka, n'kupalasa makina motsata womwewo.

Atamaliza anasita, anapinda, n'kumupatsa. Mlongoti anathokoza. Asanaliike m'jumbo, anapisa dzanja m'matumba onse, limodzilimodzi, mpaka lakumbuyo.